Dothi la ku Chintheche

Pansi pa bedi la Ackim Nyirenda ku Chibavi panali katoni ya nsapato, koma m'katonimo munalibe nsapato. Munali kansalu kobiriwira komangidwa mfundo, kodzaza dothi lokwana dzanja limodzi. Miyezi isanu inali itatha chilowereni kansaluko m'nyumbamo, ndipo mwini nyumba akamasesa ankalambalala katoniyo osaikhudza.

Dothilo silinali lake. Analilandira mu Januwale, mwezi umene matenda a korona analusa mu Mzuzu mpaka okumba manda kusowa nthawi yodyera. Lamulo linali loti pamaliro pasapitirire anthu makumi asanu, ndipo kampani ya alonda imene Ackim ankagwirako ntchito inamuika pageti la manda kuti aziwerenga olowa. Mnyamatayu, poopa kusokoneza chiwerengero, anatola zitsekerero za mabotolo makumi asanu n'kumayenda nazo m'thumba. Wolowa aliyense ankalandira chimodzi, potuluka n'kuchiponya m'beseni la mankhwala. Zikatha m'thumba, geti linkatsekedwa, kaya wachedwayo ndi m'busa kaya ndi bwana wa boma.

Lachinayi lina mvula ikuwaza, zitsekerero zitatha kale, panafika mayi wokalamba pa kabaza, matope mpaka m'mawondo. Minibasi imene anakwera kuchokera ku Nkhata Bay inali itafera m'mapiri.

"Womwalirayo ndi mlongo wanga," anatero mayiwo, Chichewa chawo chikuterereka kupita ku Chitonga. "Tinabadwa awiri basi."

"Phepani chomene, amama. Anthu akwana."

Mayiwo sanakalipe. Anangomasula kansalu kobiriwira m'chiuno mwa chitenje chawo.

"Ili ndi dothi la pamanda a amayi athu ku Chintheche. Kwathu munthu akagona kuchilendo, timathira dothi la kwawo pabokosi asanakwirire, kuti adziwe njira. Ngati ine sindilowa, kandithirire iwe, mwana wangu."

Ackim analandira ndi manja awiri. Koma atangotembenuka, kapitawo wawo anamugwira phewa n'kumunong'oneza kuti akachoka pagetipo avuliretu yunifomu. Ntchito chaka chimenecho inali yosowa ngati mchere wa m'thengo, ndipo kumudzi ku Rumphi kunali amayi ake oyembekezera dzanja lake. Anaima pomwepo, kansalu kali m'thumba, akumva mafosholo akulira patali mpaka analeka. Atatero anazemba n'kukaima kuseri kwa khoma kwa mphindi zingapo, n'kubwerera kwa mayi aja.

"Ndathira, amama."

Mayiwo anawomba m'manja pang'onopang'ono kumuthokoza, n'kukweranso kabaza osadikira kuti anamalira atuluke. Ackim sanafunse ngakhale dzina la womwalirayo. Sabata imeneyo mitumbira yatsopano inali mizeremizere, yofiira yonse, yambiri yopanda zikwangwani, moti atabwerako tsiku lopuma sanadziwe kuti aime pati.

* * *

Mu Febuluwale anamusamutsira pakhomo lina la msika waukulu wa m'tauni. Anamupatsa ndowa ya madzi, sopo ndi kamakina koyezera kutentha kwa thupi, kamene anthu ankangokatcha kamfuti. Apa ndi pamene anakumana ndi Temwani Manda, wophunzira za uphunzitsi ku yunivesite ya ku Luwinga, amene sukulu itatsekedwa anayamba kusoka timasiki ta zitenje n'kumagulitsa mumsikamo.

"A mlonda, muzitiwombera mwaulemu," anatero mtsikanayo tsiku loyamba, kamfuti kali pachipumi.

"Thirty-six. Muli bwino."

"Mwadziwa bwanji kuti ndili bwino?"

"Kamakinaka katero."

"Kamakina kanuko kamangodziwa za pachipumi."

Anadutsa, mpango wakuda uli kumutu. Ackim anatsala akuyang'ana, mpaka bambo wina wonyamula dengu la kabichi anamufunsa ngati kuyeza kwatha m'dziko muno.

Kuyambira pamenepo mlonda wathu anasanduka munthu wokonda ntchito modabwitsa. Ankafika pakhomo anzake asanadzuke, yunifomu yositasita, ndipo Temwani akafika kamfuti kankayamba kuvuta mwadzidzidzi, kumafuna kuyeza kawiri katatu. Mtsikanayo anaona zonse, chifukwa akazi saphonya zoterezi. Tsiku lina anamuponyera kamasiki katsopano ka mabanga abuluu.

"Kanuko katumikira dziko mokwanira. Kapumitseni."

Anatha masabata atatu akucheza osaonana pakamwa. Tsiku limene Ackim anatsitsa masiki kuti adye nthochi, Temwani anaseka mpaka kugwira ndowa ya madzi.

"Ndiye muli ndi mpata m'mano? Nthawi yonseyi mukubisa chinthu chokhacho chabwino chimene muli nacho?"

Kanali koyamba kumumva akuseka, ndipo Ackim anamukonda kuyambira pamenepo, kukonda kwenikweni kosoweka nako tulo. Pofika mu Epulo mawu oti "a mlonda" anali atatha, ankangoitanana "iwe".

* * *

Nkhani inatuluka mu Meyi, Lamlungu lina masana atakhala pansi pa mitengo ya paini kufupi ndi sukulu ya Katoto. Temwani anayamba yekha kukamba za bambo ake, a Zebedee Manda, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anadwala masiku asanu ndi limodzi okha.

"Sitinawasambitse, sitinaone nkhope. Tinawaika Lachinayi mvula ikugwa. Pageti la manda anandipatsa chitsekerero cha botolo, Ackim. Ndinalira adada anga chitsekerero chili m'manja."

Ackim anayang'ana pansi pamene nyerere zinkakoka kachitsotso.

"Koma chimene chimandipweteka ndi cha ankhazi, mlongo wawo wa adada. Anachokera ku Chintheche, mlonda n'kuwabweza pageti. Tinamva kwa wakabaza kuti anabwerera osafika n'komwe kunyumba. Mpaka lero sanapondeko ku Mzuzu. Foni alibe, tikatumiza munthu amangoti ndili bwino."

"Mlondayo unamuona?"

"Ndikanamuona bwanji? Masiki, chipewa, jasi la mvula, ine maso odzaza misozi. Amama amalota adada pafupifupi sabata iliyonse. Akuti amaima pamsewu atavala suti yawo ya kutchalitchi, akufunsa anthu njira, koma palibe wowayankha. Akalota choncho tsiku lonse sadya."

Mphepo ya Mzuzu inadutsa m'mitengomo.

"Ukanamudziwa mlondayo ukanatani?"

"Ndikanangomufunsa ngati ali ndi amayi ake." Temwani anapukuta m'maso n'kumuyang'ana. "Iwe mu Januwale unali kuti?"

"Kudepoti," anayankha Ackim msangamsanga.

Bodza loyamba analinena chifukwa cha chisoni, lachiwirili chifukwa cha mantha. Madzulo ake atafika ku Chibavi anaima pakhomo la chipinda chake nthawi yaitali asanalowe. Dothi lija tsopano linali ndi dzina, ndipo dzinalo linali la bambo wa mkazi amene ankafuna kumukwatira.

* * *

Amayi a Temwani, a NyaKamanga, nkhani ya mlonda sanafune kuimva ngakhale ndi khutu limodzi.

"Adada ako anakuphunzitsa mpaka ku yunivesite kuti ukakwatiwe ndi munthu wotsegulira anzake geti?" anafunsa m'mawa wina akusankha nyemba pakhonde.

"Ali ndi satifiketi ya Fomu Folo, amama. Akufuna kudzaphunzira za magetsi."

"Akufuna. Aliyense mu Mzuzu muno akufuna chinachake. Herbert sakufuna, ali nazo kale."

Herbert Mphande anali mwana wa mkulu wa mpingo, wogwira ntchito kubanki, wa galimoto yoyera ndi mawu ofewa. Pamaliro a a Manda ndiye ankathamangathamanga, kunyamula anamalira ndi kugula nkhuni, ndipo chiyambire pamenepo Loweruka lililonse ankafika ku Katoto kudzaona namfedwa. A NyaKamanga ankamuona ngati mngelo. Temwani ankati n'chikomekome cha mkuyu, chifukwa mnyamatayo sankachita chabwino chilichonse popanda woonerera.

"Herbert ndi munthu wabwino kwa inu, amama. Ine sindimufuna."

"Mlonda ndiye anabweza ankhazi ako pamanda. Onse ndi amodzi amenewo, mtima anasiya kumudzi."

"Mumuone kaye, amama. Kamodzi kokha. Akadzakunyansani ndidzamva."

A NyaKamanga anapitiriza kusankha nyemba. Koma Temwani anali mwana mmodzi yekha wotsala pakhomopo, ndipo mayi sangakane mpaka kalekale mwana amene amamuphikira tiyi m'mawa uliwonse.

* * *

Mlandu suwola. Lachisanu lina mu Juni, chifunga chitakuta tauni yonse, Herbert anaimika galimoto pafupi ndi khomo la msika n'kubwera kudzasamba m'manja. Ankafuna kumuona bwinobwino munthu amene ankamulanda mkazi. Nthawi yomweyo Blackson, mlonda mnzake wa Ackim, anakuwa ali tsidya lina.

"A Zitsekerero, sopo watha kuno."

Herbert anaima, madzi akudontha m'zala.

"Dzina labwino," anatero kwa Blackson. "Linabwera bwanji?"

Blackson ndi munthu wosadziwa kusunga mawu, makamaka akafunsidwa ndi wovala tayi. Anafotokoza monyadira momwe mnzakeyo anatulukira nzeru yowerengera anamalira kumanda mu Januwale, mpaka mabwana kumuyamikira. Ackim ankangomva, kamfuti kali lende m'manja.

Herbert anapukuta manja ndi kampango koyera, chala chimodzichimodzi, n'kusendera pafupi.

"Mwatandala uli, a Nyirenda?" anamulonjera Ackim m'Chitumbuka.

"Natandala makora, kwali imwe."

"Chitsekerero chanu ndinalandira nawo pamaliro a a Manda. Small world, eti? Ndamva kuti Lamlungu mwaitanidwa ku Katoto. Ankhazi a Temwani nawo akubwera, akudzakambirana za chiliza. Inenso ndidzakhalapo."

Anamwetulira ndi maso okha pamwamba pa masiki n'kubwerera kugalimoto. Lisanathe ndi ola lomwe, foni ya Ackim inanjenjemera m'thumba.

"Amama avomera. Lamlungu 2 koloko. Ankhazi akubweranso, Mulungu ndi wabwino. Uvale shati ya buluu ija, osati ya mizere, imakukalambitsa."

Anawerenga uthengawo kanayi. Analemba yankho n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, mpaka anatumiza mawu ochepa.

"Mawa masana ubwere ku Chibavi. Ndili ndi mawu."

"Mawu abwino?"

Anabweza foni m'thumba.

* * *

Temwani anafika atanyamula mapeyala awiri m'kathumba, nkhope ili ngwee. Anapeza Ackim atakhala pampando, katoni ya nsapato ili patebulo.

"Wandigulira nsapato? Saizi yanga waidziwa bwanji?"

"Khala pansi, Temwani."

Anafotokoza zonse osadumpha kanthu: zitsekerero, mvula, mayi wa matope m'mawondo, kapitawo, mafosholo, khoma limene anabisalako, mpaka mawu a Herbert pamsika dzulo lake. Ankayankhula akuyang'ana patebulo. Atatha anatsegula katoniyo.

Temwani anayang'ana kansalu kobiriwira kaja osaphethira. Anatambasula dzanja, n'kukhudza mfundo ndi nsonga ya chala, n'kulibweza msanga.

"Adada," anatero motsitsa, ngati akuitana munthu wogona. Misozi inayamba kutsika yokha.

"Ndinkaopa ntchito. Ndinkati ndibwereranso, koma manda sindinawadziwe. Utandiuza mu Meyi ndinafuna kupita, koma ankhazi anati dothi lithiridwe pabokosi asanakwirire. Pamwamba pa mtumbira sindikudziwa ngati likugwira ntchito."

"Unati unali kudepoti."

"Ndinatero."

"Ndinakuuza za maloto a amama. Ndinalira pamaso pako. Iwe n'kubwera kuno kudzagona pamwamba pa dothi la adada anga, mwezi wathunthu, m'mawa n'kumandiseka pakhomo la msika."

"Sindinkagona, Temwani."

"Usandiuze za tulo tako."

Panja mayi wina ankaitanira makala, wailesi ya oyandikana nawo ikulengeza chiwerengero cha odwala atsopano. Temwani anapukuta nkhope ndi ngodya ya chitenje n'kuimirira.

"Kuwabweza ankhazi ndikhoza kumvetsa, linali lamulo. Koma unanamiza nkhalamba ikulira mlongo wake, n'kundinamizanso ine. Herbert akanapanda kudziwa, ukanandiuza liti?"

Temwani anafika pakhomo n'kutembenuka.

"Mawa ubwere. Ukanene wekha pamaso pa amama ndi ankhazi, zonse, monga wandiuzira ine. Akakutukwana upirire, akakuthamangitsa ndidzaona chochita. Koma ukakabisa ngakhale mawu amodzi, usadzandifunenso."

Anatuluka osatseka chitseko. Mapeyala aja anatsala pansi pamene anagwera.

* * *

Lamlungu kunacha kozizira. Ku Katoto mipando anaiika panja motalikirana, monga mwa malamulo a nthawiyo. A NyaKamanga anakhala pakhonde, ochepa thupi moti diresi linkawalendewera. Pambali pawo pamkeka panali mayi wokalamba atafunda bulangete, ndipo Ackim anawazindikira asanalowe n'komwe pabwalo. Herbert anali atafika kale, mwendo uli pamwamba pa unzake.

Ackim anasamba m'manja pandowa, n'kunjuta patali ndithu.

"Monire, amama."

"Monire," anayankha a NyaKamanga mouma. "Khalani pampando."

Temwani anabweretsa tiyi osamuyang'ana. Ackim anakonza kukhosi kuti ayambe, koma Herbert anamutsogolera.

"Amama, phepani chomene kuti ndiyankhule ndisanapatsidwe mpata. A Manda anali ngati adada anga, ndiye sindingaone chinthu n'kukhala chete. Mlendo wathuyu si mlendo kwenikweni. Mu Januwale ndi amene anali pageti la manda. Ndi amene anabweza ankhazi."

Kapu ya a NyaKamanga inalira pambale. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira mzati wa khonde.

"Ndi zoona?"

"Ndi zoona, amama," anatero Ackim. Anatsika pampando n'kugwada padothi.

"Ndiye mwabwera kudzamwa tiyi pakhomo pa munthu amene munamuika ngati galu? Temwani, unkadziwa?"

"Amama, mulekeni anene. Ali ndi zambiri zoti anene."

Koma mayi okalamba aja anali atakweza dzanja.

"Mulamu, dikirani. Iwe mwana, yankhulanso."

"Ndine ndemwe, amama. Tsiku lija mvula ikugwa."

"Sendera kuno."

Ackim anakwawa ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa mkeka. Ankayembekezera malovu kapena khofi, ndipo mumtima anali atavomera kale zonse ziwiri. Ankhazi anamuyang'anitsitsa m'maso, kenako anamugwira manja onse awiri, kuiwala malamulo onse a matendawo.

"Ndi yemweyu. Mawu ake sindingawaiwale. Chiuta wamkulu, ndakupempherera tsiku lililonse, mwana wangu, osadziwa dzina lako."

Herbert anatsitsa mwendo wake.

"Mulamu, sindinakuuzeni," anapitiriza ankhazi. "Ndinabwera ndi dothi la pamanda a amama. Geti linali lotseka, inde, koma mwana uyu analandira dothilo, n'kuzemba bwana wake, n'kukathira pabokosi la Zebedee. Ndinakhala chete miyezi yonseyi poopa kuti nkhani ikamveka amuchotsa ntchito. Nditabwerera ndinadwala, ndinaona manda ndi maso. Chimene chinandidzutsa n'chakuti mlongo wanga sanagone ngati mlendo. Zikanapanda kutero, bwenzi mutandiika inenso."

A NyaKamanga anasiya mzati uja. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, manja ali pachifuwa.

"Ndiye kuti anaipeza njira?" anafunsa ndi mawu a mwana. "Maloto aja ndi mtima wanga chabe? Anafika kwawo?"

"Anafika kalekale, mulamu. Ali ndi amama."

Namfedwayo analira kulira kumene sanalire pamaliro, kotuluka pansi pa mimba, koma kunali kulira kwa munthu amene watula katundu. Temwani anathamanga kukawagwira. Ali chigwirire choncho anadzutsa maso n'kuyang'ana Ackim, ndipo Ackim anamuyang'ananso.

"Tandiuza, mwana wangu," anatero ankhazi akumusisita dzanja. "Ndakhala ndikudzifunsa. Unathira kumutu kapena kumiyendo?"

Ackim anayang'ana nkhope ya nkhalambayo, yowala ngati ya munthu wolandira mgonero, n'kuyang'ananso Temwani. Anali atalonjeza.

"Amama, pali chimene ndiyenera kunena. Tsiku lija ine..."

"Kumutu, ankhazi," anatero Temwani mofulumira, mawu ake osanjenjemera n'komwe. "Anathira kumutu. Anandiuza dzulo."

"Yewu," anatero ankhazi mothokoza, n'kutsinzina. "Ndi kumene kumayenera."

* * *

Tsiku limenelo a NyaKamanga anadya mpunga mbale yonse, n'kupempha wina. Anamufunsa Ackim za kwawo ku Rumphi, za amayi ake, za sukulu ya magetsi ija, n'kumuikira okha chiwalo cha nkhuku m'mbale. Ackim ankatafuna osamva kukoma kulikonse.

Dzuwa litapendeka anatsanzika. Temwani anamuperekeza mpaka pamsewu, akuyenda patsogolo pang'ono, manja atapinda pachifuwa. Galimoto yoyera inabwera pambuyo pawo n'kuima, galasi likutsika.

"Congratulations, a Nyirenda," anatero Herbert. "Koma chinthu chimodzi chikundivuta. Ine ndinaima pamphepete pa dzenje kuyambira pemphero loyamba mpaka fosholo yomaliza. Mlonda sindinamuonepo." Anatembenukira kwa Temwani. "Ankhazi ndi okalamba, amama nawo ayamba kumene kudya. Sindingafune kuwapweteka. Loweruka ndibwera monga mwa nthawi zonse, Temwani. Tidzacheze bwinobwino."

Galasi linakwera, galimoto n'kupita.

Anatsala awiri m'mphepete mwa msewu, akabaza akudutsa, utsi wa makala ukutuluka m'makomo.

"Ndimafuna kunena," anatero Ackim. "Unandimva, ndinali nditayamba."

"Ndinakumva."

"Nanga unandiletseranji?"

"Unawaona amama? Chiyambire Januwale sanamalizepo mbale." Temwani ankayang'ana kutsogolo, kumapiri. "Usaganize kuti ndachitira iwe."

"Tikhoza kupita kumanda mawa, tikathire dothi lija tonse awiri. Mwina..."

"Mwina chiyani? Adada akadali pamsewu paja, Ackim, akufunsa njira. Kusiyana kwake n'kwakuti lero amama asiya kuwayang'anira, ndipo amene wawasiyitsa ndine." Anapitiriza osatembenuka. "Dzulo wabodza unali wekha, ndipo ndikanatha kukukhululukira. Lero tilipo awiri. Ndimakukonda, sindibisa. Koma sindikudziwa ngati ndingadzuke m'mawa uliwonse pafupi ndi munthu amene ndikamuyang'ana ndizikumbukira kuti ndinanamiza ankhazi anga pa maliro a adada."

Ackim anafuna kumugwira dzanja, koma Temwani sanamasule manja ake.

Kumbuyo kwawo kunamveka mapazi. A NyaKamanga anali atatuluka mpaka pampanda wa maluwa, atafunda shawelo, nkhope yawo ili yopepuka monga Temwani anali asanaionere chaka chimenecho.

"Temwani," anaitana. "Uwauze a Nyirenda asachedwe. Atumize thenga wawo sabata yamawa adzafunsire mbeta, ankhazi asanabwerere ku Chintheche. Akuti akufuna kulandira okha."

Miyezi inayi yathunthu Ackim anali akupempherera mawu amenewo. Anatembenuka kuyang'ana Temwani, kudikira.

"Ndamva, amama," anayankha Temwani, n'kuyamba kubwerera kunyumba osamuyang'ana.